Enifa Wathobwa ndi Kapu Yosalawa

Amene anadikirapo minibasi pa siteji ya Domasi akumudziwa Enifa, ngakhale dzina sangalikumbuke. Ndi mayi uja wamfupi, wa mpango womanga mothina, amene amakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa akabaza, ndowa ya thobwa ili pambali pake. Mukagula, amatunga m'kapu, n'kupendeketsa mutu chagada, n'kudzithirira pang'ono m'kamwa kapuyo ili m'mwamba osakhudza mlomo, ndiye n'kukupatsani. Alendo amaseka, ena amayesa ndi matsenga a malonda. Si matsenga ayi, ndipo sanayambe choncho.

Kwawo ndi ku Jali, kwa Alhomwe amene makolo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki. Kuno anabwera chitengwa atakwatiwa ndi Yoswa, mnyamata wa kufupi ndi ku Mishoni amene ankagulitsa matemba panjinga. Kuno kwathu mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, choncho abale ake anamuchenjeza kuti mkazi wa chitengwa amakalamba akadali mlendo. Iye anangoseka. Anali mtsikana, ndipo Yoswa anali ndi njinga yatsopano ndi pakamwa pokoma.

Thobwa anaphunzira kwa mayi ake. Madzulo ankaphika phala la mgaiwa, n'kulisiya lipoleko, n'kuthira chimera cha mawere kuti ligonere. M'mawa ankaliwiritsanso, n'kuthira shuga. Pamodzi ndi kaphikidweko anatenganso mwambo wake: munthu supatsa mnzako chakumwa usanalawe mwini wake. Umamwa kaye pang'ono iye akuona, kuti adziwe kuti m'kapumo mulibe choipa. M'midzi ya kuno mwambowu ulipo ndithu, koma ndi wa pakhomo, pa ukwati ndi pamaliro. Wogulitsa pamsewu angaipeze kuti nthawi imeneyo? Enifa yekha ndiye anautengera pa siteji. Kaya ndi mphunzitsi wa tayi, kaya ndi kondakitala wothamangira minibasi yoti yanyamuka kale, ankayamba waona Enifa akunyowetsa milomo m'kapu yake.

Akabaza sankamusiya.

"Masiteni, mupindula bwanji katundu mukumwa nokha?" ankatero Makaiko, wamkulu wa akabazawo, bambo wa ndevu zaimvi. "Ndiye mutichotsereko mtengo, kapuyi yabwera yoyamba kale."

"Chimene ndamwacho ndi chitetezo chanu, achimwene," Enifa ankayankha. "Mukadzamva m'mimba mudzandipeza ine nditagona kale."

Ankaseka, koma ankabweranso mawa lake. Ogulitsa ena anali nalo thobwa la m'mabotolo otola m'mbali mwa msewu, koma anthu ankadutsa onsewo n'kumati tiyeni kwa mayi olawa aja.

Tikanena zoona, ukhondo wa Enifa masiku amenewo unali wa Mulungu atithandize. Makapu anali ochepa, ndipo ankangowaviika m'beseni limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, madziwo n'kufika potuwa ngati thobwa lomwe. Ntchentche zinkachita misonkhano yawo pa chivundikiro cha ndowa popanda wozisokoneza. Palibe ankadandaula. Mwini wake akumwa, iwe ungaope chiyani?

Kapu yoyamba tsiku lililonse inali ya Yoswa. Ankamunyamulira ndowa panjinga mpaka pa siteji, n'kukhala pa thabwa limene anakhomera pamizu ya mango uja. Ya iyeyo Enifa sankangonyowetsa milomo. Ankamwa mpaka pakati, n'kumupatsa kuti amalize. Yoswa ankamwa mpaka masese, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Shuga mumaumira, amake Tione," ankatero tsiku ndi tsiku, ngati pemphero.

"Kagule wako uthire," Enifa ankayankha chapansipansi, osamuyang'ana, koma akumwetulira.

Akatero Yoswa ankakwera njinga kupita ku nyanja ya Chilwa kukapikula matemba. Anakhala choncho mpaka Tione, mwana wawo yekhayo, anakula n'kukwatiwa ku Mzuzu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Dzinja la kolera wamkulu uja, Yoswa anagonera kudoko podikira asodzi, ndipo anamwa madzi amene aliyense kumeneko ankamwa. Atabwerako, m'mawa mwake anaperekeza ndowa monga mwa masiku onse, n'kumaliza kapu yake, koma anati lero sapita kunyanja chifukwa thupi likumulemera. Dzuwa lisanafike pamutu anali atayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Makaiko yemweyo ndiye anamunyamula panjinga, Enifa akuthamanga pambuyo atagwira msana wa mwamuna wake kuti asagwe.

Kuchipatala odwala kolera ankawagoneka m'tenti kuseri. Anesi anapatsa Enifa kapu ya madzi a mchere ndi shuga kuti azimwetsa wodwala wake, yomwe Yoswa anali atamwerapo kale. Dzanja lili ndi chizolowezi chake. Enifa anaikweza kapuyo kukamwa kwake kuti alawe kaye, ndipo nesi wina anamugwira mkono mwamphamvu mpaka madzi anatayikako.

"Mayi, mukufuna mugone pabedi linalo? Kapu imodzi, pakamwa pamodzi. Matendawa amayenda choncho."

Enifa anamwetsa mwamuna wake osalawa. Yoswa anamwa pang'ono, n'kumuyang'ana ngati akufuna kufunsa kanthu, koma mphamvu zoyankhulira analibe. Mawa lake anatsirizika.

Maliro ake sanali ngati maliro. Azaumoyo anakulunga thupi m'pulasitiki n'kukaika okha tsiku lomwelo. Panalibe kusambitsa, panalibe kuona nkhope, panalibe kugona pasiwa kapena kuphika. Mayi Alesi, amake Yoswa, nkhalamba yofwenkha fodya ndi yosasunga mawu m'kamwa, analira akuti mwana wawo waikidwa ngati katundu. Anthu anabalalika dzuwa likadalipo, aliyense atathiridwa mankhwala m'manja ndi kumapazi. Enifa anabwerera m'nyumba yekha, n'kupeza njinga itatsamira khoma, dengu la matemba likadali pakaliyala.

Akuluakulu analetsa zakudya zophikaphika m'misewu, ndipo Enifa anakhala pakhomo dzinja lonse. Mvula itatha anazilolanso, koma anayamba aitana ogulitsa onse kuti mlangizi wa zaumoyo, mayi Scholastica, awaphunzitse. Ambiri anapita kukangoonekera, akuyasamula ndi kuyang'ana kumsewu. Enifa anamvetsera ngati ali m'kalasi ya ubatizo. Mawu aliwonse onena za manja, madzi ndi ntchentche ankamubwezera m'tenti muja. Atatuluka analumbira mumtima kuti palibe mkazi wina adzathamange pambuyo pa njinga chifukwa cha kapu yake.

Anagulitsa nkhuku zake n'kugula ndowa ya mpopi, makapu ambiri ndi epuloni yoyera. Sopo anamumangirira pa chingwe. Madzi ankathira klorini. Kapu iliyonse ankaitsuka pa madzi oyenda n'kuiyanika chozondotsa pa kathandala kamene anamanga yekha. Ndowa ya thobwa anaiphimba ndi nsalu yoyera, ntchentche n'kusamukira kwa ogulitsa nsomba. Pa siteji yonse panalibe malo aukhondo ngati pamenepo. Ndipo mlomo wake sunakhudzenso kapu ya kasitomala.

Tsiku loyamba akabaza anabwera onse, chifundo chitawagwira. Makaiko analandira kapu, n'kuigwira osamwa, akumuyang'ana Enifa. Anadikira. Enifa anali atatembenukira kale kumpopi kukasamba m'manja. Makaiko anamwa pang'ono, n'kuika kapuyo pansi ikadali yodzadza, n'kunena kuti waona kasitomala. Mawa lake anabwera ochepa. Sabata isanathe, Dyna wa mandasi, amene anakhala moyandikana naye zaka zonsezo, anasamutsira beseni lake kutsidya kwa msewu, akuti mbali ino kwayamba fumbi.

Anthu a kuno sakuuza nkhani pamaso. Amakupatsa moni wautali, kukufunsa za kunyumba ndi za kumunda, nkhani yako n'kukaiyala kuchigayo. Ndipo nkhani inali iyi: Yoswa anamwa thobwa la mkazi wake m'mawa, masana n'kugwa. Nkhope yake palibe anaiona. Tsopano taonani, mayi amene zaka zonsezi ankalawa kapu iliyonse, kuyambira tsiku limenelo thobwa lake lomwe sakulikhudza. Wophika akakana zophika zake, iwe ndiwe ndani kuti udye? Za kolera onse anazimva pa wailesi, ndipo m'mudzi momwemo anamwalira enanso. Koma munthu amatha kudziwa bwinobwino kuti ndi kolera, n'kumafunsabe kuti nanga anasankhiranji Yoswa. Enifa akanakhala mwana wa pamudzi, azakhali ake akanamukokera kuseri n'kumunong'oneza. Mkazi wa chitengwa alibe womunong'oneza.

Enifa anaona kuti anthu akumuthawa, koma chifukwa chake anachiphonya. Anaganiza kuti akumuopa poti m'nyumba mwake munalowa kolera, ndiye mankhwala ake ndi kuonjezera ukhondo. Anayamba kutsuka kapu kawiri. Ankasamba m'manja asanatunge ndi atatunga, mpaka zikhatho zinang'ambika ndi klorini. Akabaza ankaonerera ali chapatali, n'kumafunsana kuti kodi chimene akutsuka chosachokacho n'chiyani. Chomwe ankayesa kuti chiwabweza ndi chomwe chinkawathamangitsa, ndipo mbali zonse ziwiri panalibe wotsegula pakamwa.

Ankamugula ndi apaulendo okha, otsika minibasi osadziwa kanthu, amene ankayamikira ukhondowo n'kupita osadzabweranso. Madzulo ankasenza ndowa yolemera pafupifupi ngati m'mawa. Thobwa silidikira munthu. Likagonanso limasasa n'kuyamba kulowera ku mowa, ndipo mayi wa Mvano sangagulitse zotero, choncho ankalitaya kuseri kwa nyumba, pomwe nthochi zinanenepa kuposa za mudzi wonse.

Anasungulumwa kwambiri, kusungulumwa kokhala pakati pa anthu. Kutchalitchi amayi ankamusunthira malo okwana anthu atatu. Tione ankaimba foni akapeza mayunitsi, ndipo Enifa ankamuuza kuti malonda akuyenda. Anaganizapo zobwerera ku Jali, koma mayi ake anali atamwalira kale, mchimwene wake ali ku Joni, ndipo munda wawo unkalimidwa ndi ana a mng'ono wa mayi ake amene sakanamulandira ndi nthungululu. Chomupweteka kwambiri chinali cha m'mawa. Akafika pa siteji ankadzitungira kapu yakeyake, n'kumwa mpaka pakati, dzanja n'kuima lokha. Ankayang'ana pa thabwa lija. Lotsalalo sankatha kulimwa, ndipo ankalithira pamizu ya mango.

Chilimwe chotsatira, abale a Yoswa anagwirizana zomanga chiliza pamanda ake, kuti mwina alire maliro amene sanalire. Pa mwambo wotere thobwa limaphikidwa m'migolo. Amayi a pamudzi anasonkhana kwa mayi Alesi, ndipo Enifa ali m'nyumba mwake ankamva misi ikugunda chimera. Iye, amene thobwa lake linkadziwika mpaka ku Malosa, anamutumizira uthenga woti ntchito yake ikhala yosesa njira ya kumanda. Anasesa. Koma kuyambira pamene anaika mwamuna wake sanalirepo ngati mmene analirira akusesa njira imeneyo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo uchitike, mayi Alesi anabwera pa siteji kudzachingamira abale ochokera ku Blantyre. Dzuwa linali loswa mtengo. Minibasi zinkabwera n'kumapita, abalewo osaoneka, ndipo nkhalambayo inakhala pamwala padzuwa, ikudzipepesa ndi nsonga ya chitenje. Mthunzi wa mango unali pomwepo, koma anasankha mwalawo.

Enifa anawayang'ana nthawi yaitali. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anasamba m'manja, anatsuka kapu, anatunga thobwa, n'kupita kukagwada pamaso pa apongozi ake.

"Amayi, tanyowetsani kukhosi. Dzuwali si labwino."

Akabaza anasiya macheza. Dyna kutsidya kuja anaima ndi foloko m'manja. Mayi Alesi anayang'ana kapuyo, kenako mpongozi wawo, manja ali pamiyendo.

"Kwanu ku Jali mumapereka chonchi masiku ano?"

"Kapuyi ndi yotsuka, amayi. Ndatsuka ndi sopo inu mukuona."

"Ndani wafunsa za sopo?" inatero nkhalambayo. "Mwana wanga anamwa thobwa lanu m'mawa, madzulo ali m'tenti. Nkhope yake sindinaione. Inu mwabwerera pano, mwini wake simukulimwanso. Amake Tione, inu mukanakhala ine mukanaganiza chiyani?"

Enifa anatembenuka kuyang'ana akabaza, ndipo aliyense anapeza choti akonze pa njinga yake. Apa m'pamene anamvetsa za Makaiko ndi kapu yake yodzadza, za fumbi la Dyna, za malo a anthu atatu kutchalitchi. Miyezi yonseyi ankang'amba manja ake ndi klorini poyankha funso limene palibe anafunsa.

"Ndiye mwakhala mukuganiza kuti ndinawapha?" anafunsa motsitsa.

Mayi Alesi anangoyang'ana kapu ija, ndipo Enifa anapitiriza.

"Amayi, kuchipatala kuja anandipatsa madzi oti ndiwamwetse. Ndinafuna kulawa monga ndinkachitira, anesi anandigwira mkono, akuti matendawa amayenda pa kapu. Ndinawapatsa osalawa. Kapu yawo yomaliza abambo a Tione ndinawapatsa osalawa, ndipo anandiyang'ana. Ine ndinasiya kuti wina asadzadwale chifukwa cha pakamwa panga. Thobwali ndimamwa m'mawa uliwonse, m'kapu yanga, kulibe wondiona."

"Nanga osanena bwanji?"

"Anandifunsa ndani?"

Nkhalambayo inatulutsa kabotolo ka fodya, n'kukabwezanso osatsegula. Maso anali atafiira. Koma mayi Alesi sanali munthu wogonja pagulu, ndipo zaka zawo zinali zitapita kale poti n'kuphunzira zatsopano.

"Za anesi ine sindikuzidziwa," anatero. "Ndinabadwa anthu akulawa. Ngati mulibe kanthu m'menemo, yambani inu."

Enifa anayang'ana kapu ili m'manja mwake. Akaikana, mawa adzaima kumanda a mwamuna wake ngati mfiti, ndipo adzakalamba choncho pamudzi pano. Akaiika pamlomo, waphwanya chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho m'tenti muja, ndipo mawa aliyense adzafuna kuti amulawire momwemo. Anakhala chogwada, thukuta likutsika m'khosi, siteji yonse ikudikira.

Kenako anakweza kapuyo pamwamba pa nkhope yake, anapendeketsa mutu chagada, n'kutsanula. Sanazolowere. Thobwa lina linalowa m'kamwa, lina m'mphuno, lina linatsikira pachibwano n'kudetsa epuloni yoyera ija. Anatsamwa, anakhosomola, koma anameza, n'kutsanulanso kachiwiri mpaka kapu inafika pakati. Mlomo sunakhudze.

"Masiteni ayamba kumwa ngati nkhuku," Makaiko ananena chapansipansi. Mmodzi anaseka, koma anasiya msanga.

Enifa anapereka kapuyo ndi manja awiri. Mayi Alesi anailandira, anaisuzumira, n'kuyamba kumwa pang'onopang'ono monga amamwera okalamba, osapumira. Anamwa mpaka masese. Atatero anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Shuga mumaumirabe," anatero.

Mwina anamva kwa mwana wawo, mwina ndi pakamwa pa mtundu. Misozi ya Enifa inasakanikirana ndi thobwa lili pachibwano.

Nkhalambayo inadzuka movutikira, inachoka pamwala paja, n'kukakhala pamthunzi, pa thabwa la Yoswa.

"Mawa mubwere ndi ndowa yanuyo," anatero akuyang'ana kumsewu. "Lomwe aphika ana aja lachita madzi."

Sikuti siteji yonse inabwerera tsiku lomwelo. Makaiko anabwera kudzagula chakumadzulo, akukanda ndevu, n'kupempha kuti amulawire mwa nkhuku momwemo. Dyna mpaka lero ali kutsidya, ndipo alipo ena amene amadutsabe atayang'ana kumbali, poti munthu amene unamunenera zoipa amavuta kumuyang'ana kuposa amene anakulakwira.

Koma panthawi imene ija Enifa sankaganiza za makasitomala. Anatenga kapu ija kupita nayo kumpopi kuti akaitsuke, n'kuima ataigwira. Chimwalirire Yoswa, inali kapu yoyamba imene anaiyamba iye n'kubwerera yopanda kanthu. Anaigwirabe kanthawi, apongozi ake atakhala pa thabwa paja, kenako anatsegula mpopi.